Zaka 12 ankadikira chiyani?

Mu Febuluwale 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Andrew Wakefield ndi anzake. Anapima ana 12 okha pachipatala cha Royal Free ku London, koma mbiri imene inabuka inali yakuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, amayambitsa autism. Makolo ambiri ku Britain anagwidwa mantha n'kusiya kubayitsa ana, ndipo pofika 2008 chikuku chinali chitamanganso nthenje ku England ndi Wales. Mu 2004 mtolankhani Brian Deer wa Sunday Times anaulula kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera mwa loya amene ankakonzekera kusumira makampani opanga katemerayo. Chaka chomwecho olemba 10 mwa 13 anakana maganizo amene nkhaniyo inapereka. Koma The Lancet inadzaibweza yonse mu Febuluwale 2010, bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council litagamula kale mlandu. Ndiye tifunse: kuyambira 2004 mpaka 2010, akonzi ankadikira umboni wanji umene analibe?

Wina anganene kuti nkhani zotere sizifuna phuma, chifukwa kubweza kafukufuku kumagwetsa mbiri ya munthu. N'zoona. Koma taonani zimene zinachitika ndi mankhwala amodzi, hydroxychloroquine, m'chaka chimodzi. Pa 22 Meyi 2020 The Lancet inatulutsa kafukufuku wonena kuti mankhwalawa amawonjezera imfa mwa odwala Covid-19, potengera odwala oposa 96,000 m'zipatala 671 zimene kampani ya Surgisphere inkati ili ndi zikalata zake. Bungwe la WHO linaimika kaye kuyesa mankhwalawo. Ofufuza ena anadabwa ndi ziwerengero, makamaka za ku Australia ndi za zipatala za mu Africa muno, kampaniyo inakana kutsegula mabuku ake, ndipo pa 4 Juni nkhaniyo inabwezedwa. Masabata awiri sanakwane n'komwe.

Kafukufuku wina, wa gulu la Didier Raoult ku Marseille, wotamanda mankhwala omwewo, anatuluka mu Malichi 2020 mu International Journal of Antimicrobial Agents. Odwala anali 36. Ena 6 amene analandira mankhwalawo sanawawerengere pomaliza, ndipo mwa iwo mmodzi anamwalira, atatu anawasamutsira kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Izi anthu anaziona m'masiku oyamba omwe. Mmodzi wa olemba anali mkonzi wamkulu wa magazini yomweyo. Nkhaniyi inabwezedwa mu Disembala 2024, mliri utazizira, atsogoleri ngati Donald Trump atailalika kale mpaka kukhosi kuuma. Ngati masabata awiri anakwanira pa nkhani ija, chinavuta n'chiyani pa iyi? Kodi changu chimabwera chifukwa umboni wakwana, kapena chifukwa manyazi achuluka?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Amene amagamula kuti kafukufuku abwezedwe ndi yemwe uja anamulandira, kumusindikiza, nthawi zambiri n'kulandirapo ndalama. Yunivesite imene imapemphedwa kufufuza ndi yomwe inadyerera dzina la wolembayo. Mlandu wa mbuzi yosowa tikuutula pabwalo la fisi, kenako tikudabwa kuti sukutha. Bungwe la COPE, limene linayamba mu 1997, lili ndi malangizo abwino kwa akonzi, koma ndi malangizo basi. Mkonzi akangokhala chete zaka zitatu, ndani amamuimba mlandu?

Ndipo amene amatulukira zolakwikazi ndi ndani? Elisabeth Bik ndi anzake anayang'ana nkhani zoposa 20,000 ndipo mu 2016 analengeza kuti pafupifupi 4 pa 100 zilizonse zinali ndi zithunzi zobwerezedwa mokayikitsa. Bik anachita izi ndi maso ake. Atadzudzula ntchito ya Raoult, anaopsezedwa ndi mlandu ku France. Makampani osindikiza amene amapeza phindu lochuluka chotere, bwanji ntchito yosesa m'nyumba mwawo aisiyira anthu ongodzipereka?

Magazini ya Nature inawerenga kuti mu 2023 nkhani zoposa 10,000 zinabwezedwa, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo. Zoposa 8,000 zinali za Hindawi, kampani imene Wiley inagula mu 2021. Zambiri zinachokera kwa anthu amene amapanga kafukufuku wabodza n'kumagulitsa malo a dzina la wolemba kwa ofuna kukwezedwa pantchito. Kubweza zonsezi kunali koyenera. Koma zinalowa bwanji zikwizikwi popanda wozikaikira? Nanga ndalama zimene zinalipiridwa kuti zisindikizidwe, kampani ingazitche ndalama zoyera?

Chodetsa nkhawa china n'chakuti wolakwitsa moona mtima ndi wachinyengo timawaika m'thumba limodzi. Mu Januwale 2020 Frances Arnold, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2018, analengeza yekha kuti akubweza nkhani yake ya mu Science chifukwa zotsatira zake zinalephera kubwerezeka. Anthu anamuyamikira. Iye anali ndi Nobel m'manja. Wofufuza wachinyamata amene ntchito yake ikudalira nkhani ziwiri zokha angalimbe mtima chomwecho, podziwa kuti chidziwitso chimene chidzatuluke mwina sichidzafotokoza ngati anaba kapena anangophonya? Akonzi ena amalemba mizere iwiri yosamveka poopa maloya. Kodi akuteteza owerenga kapena akudziteteza?

Ngakhale nkhani ibwezedwe, siifa. Ya Wakefield ikutchulidwabe mpaka lero, ndipo makope akale ali m'makompyuta a anthu opanda chidindo chilichonse. Wophunzira amene analandira kope lake pa WhatsApp adziwa bwanji? Ivan Oransky ndi Adam Marcus, atolankhani awiri, anayambitsa Retraction Watch mu 2010, ndipo mu Sepitembala 2023 bungwe la Crossref linatenga mndandanda wawo wa nkhani zobwezedwa n'kuutsegulira aliyense kwaulere. Choncho chida chilipo. Mkonzi aliyense angathe kuona ngati nkhani yatsopano ikutsamira pa kafukufuku wobwezedwa asanaisindikize. Ndi angati amene amatero, ndipo amene satero amayankha kwa yani?