Tisiye kuloza chala malemu, tichotse poizoni pamsika

Pamaliro a munthu amene wadzipha, azibambo amanong'onezana mawu omwewo: "Anali wapsamtima kuyambira kale." Ena amati, "Anali wosayankhula, sukanadziwa zomwe zili mumtima mwake." Tikatero timaona ngati mlandu watha. Tausenzetsa khalidwe la malemu, ife n'kubwerera kwathu opanda chotitsutsa. Ine ndikukana.

Sindikunena kuti khalidwe lilibe mbali yake. Akatswiri a zamaganizo anapeza kuti munthu wopupuluma, wosachedwa kutaya mtima, kapena amene amadziweruza mwankhanza akalakwitsa pang'ono, amakhala pachiopsezo chachikulu. N'chifukwa chake masiku ano pamisonkhano ya m'mahotela mukumveka za mindfulness, luso lokhala phee, kutsatira mpweya wako, n'kumaona maganizo akubwera ndi kupita osawakhulupirira onse. Jon Kabat-Zinn analilowetsa m'chipatala mu 1979 ku University of Massachusetts, ndipo lili ndi phindu lake. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2015 anasonyeza kuti kwa anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwererabwerera, maphunziro otere amateteza mofanana ndi kupitiriza kumwa mankhwala. Koma mu 2022, ataliyesa pa ana asukulu oposa 8,000 ku Britain, silinapose maphunziro a masiku onse. Choncho amene akulilalikira ngati mankhwala a aliyense akutinamiza. Mlimi wa fodya amene mabelo ake abwezedwa ku okushoni, wakatapila ali pakhomo, kumuuza kuti angopuma mozama n'kumusiya yekha ndi vuto lake.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti njira imene inapulumutsadi anthu ambiri ndi yodziwika, koma sitikuikamba. Mu 1995 dziko la Sri Lanka linali m'gulu la mayiko amene anthu ankadzipha kwambiri padziko lonse. Boma linaletsa mankhwala oopsa kwambiri ophera tizilombo m'munda, gulu lina pambuyo pa linzake. Pofika 2015 chiwerengero chinali chitatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo zokolola sizinagwe. Anthu a ku Sri Lanka sanasinthe khalidwe m'zaka 20 zimenezo. Opupuluma anapitiriza kupupuluma, m'mabanja anapitiriza kukangana. Chinasintha n'chakuti munthu akapsa mtima madzulo, chomupha msanga chinalibe pafupi, ndipo kunkacha ali moyo. Nthawi zambiri maganizo odzipha amafika pachimake kwa kanthawi kochepa, kenaka n'kuphwa, ndipo ambiri amene apulumuka kamodzi sadzafa modzipha.

Nanga kuno? Pitani pamsika uliwonse, muona poizoni akugulitsidwa m'timapepala topanda dzina, pambali pa tomato ndi usipa, mwana aliyense atha kugula. Bungwe la Pesticides Control Board lilipo, makhonsolo alipo ndipo amatolera ziphaso tsiku ndi tsiku pamisika yomweyo. Atiuze chimene chikuwalepheretsa kuchotsa malonda amenewa.

China n'chakuti munthu apeze womumvera. Chipatala cha amisala cha ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu sizingafikire mudzi uliwonse. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo. Kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Agogo tili nawo, alangizi a zaumoyo tili nawo, akulu a mpingo ndi a mzikiti tili nawo. Unduna wa Zaumoyo uwaphunzitse kufunsa mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Ofufuza anatsimikiza kuti funso limeneli silidzala ganizolo mwa munthu. Akayankha kuti inde, musamudzudzule, musamusiye yekha, chotsani zoopsa m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.