Njinga ya buluu ija ndinagulitsa, ndipo sindikupepesa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'kalasi langa la Fizikisi, ena lero muli ndi ndevu zoposa zanga.

Loweruka lapitali ndikuthira petulo pa boma ku Dedza, kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zingapo zapitazo. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu, kenaka n'kuyang'ana njinga imene ndinakwera. "Sala, kodi mwayamba kabaza? Nanga ya buluu ija ili kuti?" Tinaseka tonse, koma iyeyu si woyamba kufunsa. Kusukulu nako anzanga sakundipatsa mpata pa nthawi ya tiyi, ati ndagonja, ukalamba wandigwira pakhosi. Ndiye lero ndati ndiyankhe kamodzi n'kamodzi kuti aliyense amve.

Eya, Yamaha R15 ija ndinagulitsa mu 2024. M'malo mwake ndinagula Honda XR150L yogwirapo kale ntchito, ya mtundu uja mumaona alangizi a mabungwe akuyenda nayo m'midzimu. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Munthu amene wadutsa zaka 40, ndipo njinga yamoto ndiyo miyendo yake yopitira ku ntchito, asankhe njinga pofunsa msana wake ndi msewu umene amayendamo tsiku ndi tsiku. Asafunse anyamata okhala pakhonde la golosale.

Ndisaname, njinga ija ndinaikonda. Ndinaigula mu 2014 ndili ndi zaka 33, ndi ngongole ya ku SACCO imene inandidya zaka ziwiri. Pa M1 kuchoka ku Dedza kudzera pa Linthipe ndi Nathenje mpaka Lilongwe, inkayenda ngati ikuseka. Tsiku lina ndinatsetsereka nayo makona a Khwekhwerere kupita ku Golomoti popanda chimene ndinkakatenga kumeneko, kungofuna kumva kukoma kwake. Ana a sukulu ankaizungulira ngati yagwa kumwamba. Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene munali m'kalasi langa mundilole ndibwerere pa bolodi pang'ono. Njinga za mpikisano amazipanga kuti wokwera awerame. Mahandulo amakhala mmunsi, popondera mapazi pamakhala chakumbuyo, thupi lonse n'kugonera pa thanki. Ukamathamanga kwambiri pa tara wosalala zimenezi n'zanzeru, chifukwa mphepo imakankha pachifuwa n'kukunyamulirako thupi, mikono n'kupepukidwa. Koma ukamayenda pang'onopang'ono mu msewu wafumbi, mphepo ija palibe. Kulemera konse kwa mapewa ndi mutu kumathera m'manja, khosi limapindikira m'mwamba kuti uone kutsogolo, ndipo dzenje lililonse limene teyala lagunda umalimva m'chiuno. Ndili ndi zaka 33 ndinkagona usiku umodzi n'kudzuka wabwinobwino. Nditafika 42 ndinayamba kufika kusukulu dzanja lamanja litachita dzanzi, choko osachimva m'zala mpaka piriyodi yachiwiri. Tsono muganize kuti munthu yemweyo akukaima pa bolodi mpaka masana.

Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuchita masamu amene ndinayenera kuchita ndisanatenge ngongole ija. Kuchoka kunyumba kufika kusukulu ndi makilomita 12 a msewu wafumbi, kupita ndi kubwera 24, masiku asanu pa sabata. Ulendo wautali wa pa tara ndimayenda kamodzi kapena kawiri pamwezi. Ndiye kuti kwa zaka khumi ndinkazunzika masiku 20 pamwezi kuti ndisangalale masiku awiri. Mwana wa Fomu 1 atandipatsa yankho lotere ndikanamulembera kuti adzandione.

Njinga ziwirizi injini zake n'zofanana kukula, zonse ndi za 150cc, koma anazipangira misewu yosiyana. Mimba ya R15 imatalikira mamilimita 160 kuchoka pansi, pamene ya XR150L ndi 245. Teyala lakutsogolo la R15 ndi la mainchi 17 ndipo ndi losalala, la XR ndi la mainchi 19 lokhala ndi mano. Teyala lalikulu silimira kwambiri m'dzenje, limangodutsa pamwamba. Nthawi ya dzinja matope ankadzadza pakati pa teyala ndi madigadi a Yamaha ija mpaka ndinkaima n'kumakolokosa ndi kamtengo, nditavala tayi.

Komabe zonsezi ndikanapirira, chifukwa amunafe timadziwa kupirira zinthu zopusa. Chimene chinandisintha chinachitika mu Febuluwale 2024. Ndinkachokera kusukulu ndi mapepala a mayeso a Fomu 4 m'chikwama kumsana, poti njinga ija inalibe kaliya. Pa kamtsetse kena mbuzi inatulukira m'chimanga. Ndinaiona nthawi yabwino, mutu unalamula kuti gwira buleki, koma zala zinali zitachita dzanzi ndipo zinachedwa. Pamene zinagwira zinagwira mopitirira, teyala lakutsogolo linaterereka, ine khu! m'matope. Bondo linasupuka, mapulasitiki a m'mbali anasweka, mapepala a ana anayi ananyowa. Mbuzi inapulumuka. Usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa pamalo omwewo m'mawa uliwonse pamadutsa tiana ta ku pulayimale.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati kufuna njinga yofewa ndi ulesi kapena mantha. Munthu amene khosi lauma satembenuka kuyang'ana kumbuyo asanakhote. Amene manja afa sagwira buleki pa nthawi yake. Amene msana ukuwawa amafulumira kuti akafike akapume, ndipo kufulumirako n'kumene kumapha. Kukhala bwino pa chishalo ndi mbali ya chitetezo, chimodzimodzi chipewa cha kumutu.

Palinso nkhani ya mayi a kunyumba. Mpando wakumbuyo wa R15 ndi waung'ono ndipo uli pamwamba ngati chisa cha nkhunda. Anakwerapo maulendo atatu okha, ulendo wachitatu potsika anangoti, "Bambo, njinga iyi munadzigulira nokha." Kuyambira tsiku limenelo ankakwera minibasi kapena kabaza, mwamuna wawo ali ndi njinga pakhonde. Ine ndinkayesa nthabwala. Lero timapita limodzi ku tchalitchi, ku maliro, ngakhale kukaona apongozi, ndipo thumba la chimanga limafika ku chigayo popanda kulipira munthu.

Za ndalama nazo tisazilambalale, poti malipiro athu tonse tikuwadziwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chitsulo chilichonse cha R15 ndinkachita kuitanitsa kwa munthu wochokera ku Joni, n'kudikira masabata. Injini yake imazizira ndi madzi ndipo petulo amalowa ndi pampu yamagetsi, zinthu zimene makaniko wa pa msika wathu ankangoziyang'ana n'kupukusa mutu. Mafuta atasowa, ife a kumudzi tinkagula a m'zigubu, ndipo zinyalala za m'menemo pampu yotere sigwirizana nazo. XR ili ndi kabuleta, imazizira ndi mphepo, ndipo batire ikafooka pali kiki. Mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango amaimasula n'kuibwezera ine ndikudya chiwaya.

Sindikunena kuti palibe chimene ndataya. Pa M1 njinga yatsopanoyi ilibe liwiro la inzake ija, mabasi akuluakulu amandipitirira ndipo mphepo yonse imathera pachifuwa poti ndimakhala chowongoka. Magiya ndi asanu, osati asanu ndi limodzi. Buleki yakumbuyo ndi ya dilamu, siluma ngati ya disiki. Ndi yaitalinso, chishalo chili pa mamilimita 825, choncho anzanga ofupikirapo msinkhu mwina Bajaj Boxer ingawakomere kuposa iyi. Ndipo zoona, palibe mwana amene amaizungulira. Masiku oyamba zimenezi zinkandikhudza kuposa mmene ndinkavomerera. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine sindinafune kufera pa chishalo chifukwa choopa kusekedwa.

Inu aphunzitsi achinyamata okhala m'tauni, amene msana udakali wanu ndipo msewu wanu ndi wa tara, gulani imene mtima wafuna, sindikuletsani. Nanenso ndinadyako nthawi yanga. Koma anzanga a msinkhu wangawu, musanasaine fomu ya ngongole chitani izi. Bwerekani njinga ya mtundu umene mukufunawo muyende nayo ola lathunthu mu msewu wanu weniweni, osati kungozungulira pa shopu. Potsika mvetserani manja, khosi ndi chiuno. Mukwezeni amene muzidzayenda naye, ndipo mumufunse maganizo ake musanalipire. Onani ngati mapazi onse awiri akufika pansi mutanyamula katundu. Pitani kwa makaniko wa kwanuko mukafunse ngati tcheni, pulagi, mabuleki ndi mateyala ake zimapezeka pafupi. Pomaliza onetsetsani mapepala. Kuno kufupi ndi malire a Mozambique njinga zotsika mtengo zilipo zambiri, koma yopanda mapepala idzakusiyani pa rodibuloko mwana amene munamuphunzitsa atavala yunifolomu, akukulemberani mlandu mwaulemu. Musaiwale laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri, china cha amayi.

Mnyamata wa ku Dedza uja ndisanasiyane naye anandiuza kuti akusunga ndalama zoti agule yonga ya buluu ija. Ndinamufunsa zaka zake, anati 26. Ndinamuuza kuti agule, koma akadzafika 40 adzandipeze tidzakambirane. Atandithandiza kumanga makope pa kaliya ndi lamba wa chubu, anati, "Komatu Sala, iyi ikukukhalani." Ndinamuthokoza, ngakhale mpaka pano sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.

Ndisiyire pomwepa, makope a Fomu 3 akundidikira patebulo. Muyende bwino m'misewumu.