Njinga yamagetsi ya aulumali ikakana kuyenda

N'zomvetsa chisoni kuona njinga yamagetsi ya munthu waulumali itaimikidwa kuseri kwa chitseko pomwe vuto lake n'laling'ono. Musanathamangire kwa makaniko, yang'anani kachitsulo kamene kali pafupi ndi matayala akumbuyo. Wina akakasuntha pofuna kukankha njingayo ndi manja, injini sikoka mpaka kachitsuloko kabwezedwe m'malo mwake.

Koma chimene chimagonetsa njingazi kwenikweni ndi mabatire. Zambiri zimakhala ndi awiri, lililonse la ma volt 12. Batire lotere likakhala masabata lilibe moto limaferatu, choncho tchajani usiku uliwonse mukayenda, ngakhale ulendowo unali wa kuchigayo chabe. Posintha, gulani onse awiri, chifukwa lakale limafooketsa latsopano. Tayala la mpweya likaphwa, wokonza njinga zakapalasa pamsika angathe kulimata.