Laputopu ndinagula ine, koma makiyi anali ndi munthu wina

Lero ndasiya kaye nkhani ya zilembo ndi kuwerenga. Ndikufuna tikambe za laputopu, chifukwa ndaona kuti ambiri mwa ife tayamba kugula, ndipo tikupunthwa pa mwala umodzimodzi.

Mwezi watha inali nthawi yanga yolandira xitique. Ndinali nditadziwa kale chomwe ndikufuna. Chitulukireni ku IFP ndakhala ndikulemba mapulani a maphunziro ndi pauta pa manja, kenako n'kukalipira kuti anditayipire ndi kundisindikizira. Ndinakwera chapa mpaka mu mzinda wa Tete, n'kugula laputopu yatsopano, ya m'katoni. Mnyamata wa pa sitolopo, waulemu wake ndithu, anati, "Aphunzitsi, musavutike, ndikukonzerani zonse, mukafika kunyumba mukangoyamba ntchito." Ndinakondwa. Ndinapita kukafuna chakudya, pobwera ndinapeza zonse zatha. Windows yatseguka, Chrome ili pomwepo, ndi timapulogalamu tina tomwe sindinapemphe n'komwe.

Panapita masiku anayi ndisanaone kachithunzi kakang'ono pa kona ya kumanja, m'mwamba mwa Chrome. Nkhope sinali yanga. Nditadina, imelo sinali yanga. Mnyamata uja analowetsa akaunti yake ya Google pokonza makinawo ndipo sanaitulutse. Masiku anayi onsewo Chrome inkandifunsa ngati isunge senha, ine n'kumangovomera. Ya Facebook inasungidwa. Ya kubanki komwe kumalowera malipiro anga inasungidwanso. Amene mumadziwa mmene Chrome imagwirira ntchito mwamva kale pamene pagona nkhani: akaunti ikalowetsedwa ndipo kulunzanitsa kuli kotsegula, masenha, mbiri ya masamba omwe mwatsegula ndi masamba omwe mwasunga zimapita ku akaunti imeneyo, ndipo mwini akauntiyo atha kuziona pa foni yake ali kwawo.

Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba. Ndikukhulupirira kuti anangoiwala, anali ndi makasitomala ena pa mzere. Koma usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinasintha masenha onse pa foni, m'mawa mwake ndinabwezeretsa Windows kuti iyambe ngati yatsopano, n'kuyamba ndekha pang'onopang'ono. Zinanditengera Loweruka lonse ndi mamega ambirimbiri.

Apa ndi pamene ndinayamba kudzifunsa funso lomwe ndinali ndisanadzifunsepo: kodi ndani anandisankhira Chrome? Navegador, kapena kuti browser monga amanenera abale athu a ku Malawi, ndi pulogalamu yomwe timatsegulira masamba a intaneti. Zambiri zomwe timachita pa intaneti pa laputopu zimadutsa mmenemo. Windows imabwera ndi yakeyake, Edge, ya kampani ya Microsoft. Chrome ndi ya Google, inatuluka mu 2008, ndipo tinangoizolowera chifukwa ndi yomwe timaipeza m'mafoni a Android. Palibe tsiku lomwe tinakhala pansi n'kuisankha.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndinena mosabisa: mphunzitsi asamagwiritse ntchito Chrome ngati navegador yake ya tsiku ndi tsiku. Si kuti ndi yoipa pa ntchito, ayi, ndi yachangu ndipo ndi yolimba. Vuto ndi mwini wake. Ndalama zambiri za Google zimachokera ku malonda otsatsa, ndipo kutsatsa kumalipira bwino pamene wotsatsayo akudziwa kuti ndinu ndani, muli kuti, mukudwala chiyani, mukufuna ngongole kapena ayi. Mbuzi simuisungitsa kwa fisi, ngakhale fisiyo akhale waukhondo.

Mwina wina afunsa kuti kutsatiridwako kumachitika bwanji. Mukatsegula tsamba limodzi, tinene la nkhani, simukulankhula ndi eni tsambalo okha. M'kati mwake mumakhala tizidutswa ta makampani ena: kotsatsa malonda, kowerenga alendo, kabatani ka Facebook. Chilichonse cha timeneti chitha kusiya kachizindikiro mu navegador yanu, komwe amakatcha cookie, kokhala ndi nambala yanuyanu. Mawa mukatsegula tsamba lina lomwe lili ndi kachidutswa ka kampani yomweyo, nambala ija imadziwika. Apa munawerenga za matenda a shuga, apo munafufuza mtengo wa feteleza, uko munayang'ana ntchito ku bungwe lina osauza a director. Zonsezi zimalumikizidwa n'kukhala mbiri ya munthu mmodzi. N'chifukwa chake mukangofufuza nsapato kamodzi, nsapatozo zimakutsatirani mlungu wonse ngati galu wa njala.

Ine ndasankha Firefox. Ndi ya Mozilla, yomwe mwini wake ndi bungwe losachita phindu, ndipo ilipo kuyambira 2004. Kuyambira 2019 imatsekereza yokha otsatira ambiri odziwika popanda inu kukhudza kalikonse, ndipo kuyambira 2022 imasunga ma cookie a tsamba lililonse m'kabokosi kakekake, kuti tsamba lina lisasuzumire za linzake. Pamwamba pake ndinaikapo kachida kamodzi kokha, uBlock Origin, ka ulere, kolembedwa ndi Raymond Hill, komwe kamatseka zotsatsa ndi otsatira. Apa pali chinthu chofunika kudziwa. Google inasintha malamulo a tizida ta mu Chrome, zomwe amazitcha Manifest V3, ndipo uBlock Origin yathunthu inasiya kugwira ntchito mu Chrome. Komwe katsala ndi kamtundu kochepetsedwa mphamvu. Mu Firefox ikugwirabe yonse. Kwa ine ichi chokha chinandikwanira. Kampani yogulitsa zotsatsa ndi yomwenso ikugamula kuti chida chotseka zotsatsa chikhale ndi mano angati.

Ndipo tisamaiwale thumba. Ambiri mwa ife laputopu timailumikiza ku foni, mamega ake ndi omwewo a Movitel, Vodacom kapena Tmcel omwe tagula ndi ndalama ya ndiwo. Kanema aliyense wotsatsa yemwe amayamba yekha pa kona ya tsamba akudya mamega anu. Mukulipira kuti akutsatseni. Chiikireni uBlock Origin, masamba akutseguka msanga ngakhale netiweki ili ya kachingwe kamodzi, ndipo phukusi langa likukhalitsa kuposa kale. Sindinayeze ndi sikelo, koma thumba limadziwa.

Tsopano ndiyankhe anzanga omwe anditsutsa kale pa nthawi yopuma.

Woyamba anati, "Ine ndilibe chobisa." Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo amandidabwitsa akachokera kwa mphunzitsi. Inu mulibe chobisa, chabwino. Nanga ana? Mu laputopu yanga muli maina a ana a kalasi yanga yonse, masiku awo obadwa, manambala a foni a makolo, zithunzi za ma cédula zomwe makolo amanditumizira pa WhatsApp nthawi ya matrícula, ndi kalata yofotokoza chifukwa chomwe mwana wina amajombera tsiku lokalandira mankhwala. Zimenezi si zanga kuti ndinene kuti zilibe kanthu. Anandisungitsa. Munthu akalowa mu imelo yanga kapena mu WhatsApp yomwe ndasiya yotsegula mu navegador, wapeza zonsezi. Ngakhale Constituição ya dziko lathu, mu ndime 71, imaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta polemba ndi kusanthula zodziwikitsa munthu pa za ndale zake, chipembedzo chake, chipani kapena sindikato yake ndi moyo wake wa mseri. Amene analemba ndime imeneyi sankaganiza kuti Amozambiki onse ali ndi milandu yobisa.

Wachiwiri, yemwe amawerenga kwambiri kuposa ine, anandiseka. Anati, "Firefox yakoyo amaidyetsa ndani?" Akunena zoona. Ndalama zambiri za Mozilla zimachokera ku Google yomweyo, yomwe imalipira kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Firefox. Izi sizindisangalatsa, ndipo sindinganame kuti Mozilla ndi angelo. Koma pali kusiyana pakati pa munthu yemwe wabwereketsa khoma la nyumba yake kuti apakepo malonda ndi munthu yemwe nyumba yonse ndi ya wamalondayo. Chofufuziracho mutha kuchisintha pa mphindi imodzi. Ine ndinaika DuckDuckGo, yomwe sisunga mbiri ya zofufuza zanu pa dzina lanu. Ndivomereze kuti pa zinthu za kwathu kuno, ndi pofufuza mawu a Chinyanja, nthawi zina imabwera chimanjamanja, ndiye ndimabwerera ku Google pa funso limenelo lokha. Chinanso: Edge, Brave, Opera ndi Chrome zonse zinamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Chromium, omwe amatsogoleredwa ndi Google. Firefox ili ndi injini yakeyake. Ikadzafa, pa Windows tidzatsala ndi msewu umodzi wokhawokha.

Za Brave ndinene mwachilungamo. Kwa munthu yemwe safuna kuika kalikonse, ndi yabwino: imatseka zotsatsa ndi otsatira kuyambira tsiku loyamba. Chomwe chinandibweza ndi zinthu za ndalama za crypto zomwe imabwera nazo. Mutha kuzizimitsa, koma ndaona anzathu okwanira akunyengedwa ndi nkhani za kulemera pa foni, sindikufuna kuwaikira chitseko china pafupi.

Wachitatu anati iye amatsegula zenera lakuda lija, la incognito, ndiye ali bwino. Abale, zenera limenelo limabisa kwa mkazi wanu kapena mwamuna wanu yemwe agwire laputopu pambuyo panu, basi. Eni tsamba akukuonani, kampani ya netiweki ikudziwa komwe mwapita. Google yomwe inasumiridwa ku America pa nkhani imeneyi, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta zambirimbiri zomwe inasonkhanitsa kwa anthu omwe ankaganiza kuti abisala.

Ndikudziwa kuti wina alemba pansipa kuti, "Aphunzitsi, zonsezi mukuzilemba pa Facebook." Ndagonja, ndi zoona. Chomwe ndalemba muno ndi dzina langa Meta ikuchidziwa, ndipo palibe navegador yomwe ingasinthe zimenezo. Firefox siingakutetezeni kwa wonyenga wa "tumizani ndalamayo pa nambala iyi". Siingatsegule intaneti ikatsekedwa, monga tinaonera chisankho cha October 2024 chitatha, pamene intaneti ya m'mafoni inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zinatsekerezedwa. Nthawi imeneyo ambiri tinathamangira ma VPN aulere osadziwa eni ake, ndipo ena akadali nawo m'mafoni mpaka lero. VPN imatenga zonse zomwe mukuchita pa intaneti n'kuzidutsitsa kwa mwini wake. Ngati simukumudziwa, chotsani, ndipo musaiike pa laputopu ya ntchito. Zomwe navegador yabwino imachita n'zochepa: imachepetsa anthu osaitanidwa omwe akuyenda nanu. Kuchepa kwake sikutanthauza kuti tisiye.

Kwa amene mukugula laputopu mwezi uno, pempho langa lalikulu ndi loti muiyatse nokha koyamba. Ngati mukuopa, khalani pambali pa wokonzayo, maso pa sikirini, ndipo akaunti iliyonse yolowetsedwa ikhale yanu, senha mulembe ndi zala zanu. Musapite kukadya ngati ine. Windows 11 imafunsa mafunso angapo poyamba, za malo omwe muli, za zotsatsa zogwirizana ndi inu, za deta yotumiza ku Microsoft; werengani, ambiri mutha kuyankha kuti ayi ndipo makina agwirabe ntchito. Firefox muitenge pa tsamba la Mozilla lenileni, osati pa flash ya mnzanu yomwe yazungulira sukulu zonse za mu ZIP, ndiponso osati pa ulalo woyamba wolembedwa kuti ndi wotsatsa. Mukatero muuze Windows kuti ndiyo navegador yanu yoyamba. Edge idzakunyengererani kangapo kuti mubwerere, musaimvere chisoni. Ngati mukufuna kuti Firefox izisunga masenha, ikani senha yaikulu yotsekera onsewo, ili pa gawo la Privacidade e segurança. Ndipo popeza laputopu ya mphunzitsi ndi ya mudzi wonse, tsegulani akaunti yachiwiri ya Windows ya alendo ndi ana. Mnzanu akabwereka kuti atayipe mayeso, alowe mmenemo.

Kanthu kena kakang'ono kwa ife olemba m'chilankhulo chathu: mawu onse a Chinyanja amadulidwa mzere wofiira ngati kuti talakwitsa. Chrome ili ndi chowongolera kalembedwe "chapamwamba" chomwe, mukachiyatsa, chimatumiza ku Google zomwe mukulemba. Musachiyatse poganiza kuti mizere yofiira itha. Ine mu Firefox ndinangozimitsa chowongoleracho, tsamba langa n'kuyera.

Edge sindinaichotse. Pali tsamba limodzi la ntchito lomwe limandivuta mu Firefox, ndiye ndimalitsegulira mmenemo, ndikatha n'kutseka. Loweruka likubwerali tikatha kukonza mapulani a masabata awiri ndikhalira kwa ola limodzi. Amene muli ndi malaputopu bwerani nawo, muwatchajiretu, chifukwa soketi ya m'kalasi muja ndi imodzi. Choyamba tidzayang'ana kachithunzi ka pa kona kaja kuti ndi nkhope ya ndani.