Alendo a matenti azifunsa kaye asodzi

Nyengo yozizira ikafika, mumsewu wa M5 mumaoneka galimoto zamphamvu zitasenza matenti padenga, zigubu zamafuta kumbuyo ndi timabwato tapulasitiki totchedwa kayak. Zambiri zimachokera ku South Africa, koma masiku ano mabanja ena a ku Lilongwe ndi Blantyre ayambanso kutengera. Amagona ku Cape Maclear, kenako Senga Bay, Chintheche mpaka Chitimba, komwe olimba mtima amakwera msewu wa Gorodi, uja wa makona 20 wopita ku Livingstonia.

Ulendo wotere ngwabwino ndipo tenti siiboola m'thumba ngati hotela. Vuto ndi loti ena mwa alendowa amafika kunyanja ngati afika pamalo opanda eni.

Nkhani yoyamba ndi ya gombe. Kwa mlendo mchenga uja ndi bwalo loyeserapo mphamvu za galimoto, pomwe kwa msodzi wa ku Chembe kapena Msaka ndi malo antchito. Mpamene amayanika makoka ndi kusoka pomwe pang'ambika, mpamene pali mathandala a usipa, mpamenenso amayi amachapa ana akusewera pambali. Tayala likaponda khoka, banja lonse limagona ndi njala kufikira litapeza ndalama yogulira ulusi. Komatu dziko la South Africa lidaletsa kuyendetsa galimoto m'magombe mwachisawawa m'chaka cha 2001 pofuna kuteteza zachilengedwe. Nanga choletsedwa kwawo chiloledwe bwanji kwa eni ake kuno? Galimoto iziima pamalo ogona alendo, mwini wake atsike ndi miyendo.

Koma nkhani yaikulu ndi ya pamadzi. Kuchoka ku Chembe kupalasa kayak mpaka pachilumba cha Mumbo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 10. M'mawa nyanja imatha kukhala bata ngati madzi a m'beseni, munthu n'kumaona mbuna zikusambira pansi pa bwato. Nsomba zokongolazi ndizo zidachititsa kuti derali likhale Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Bata limeneli ndi lomwe limapusitsa. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde otalika kuposa munthu. Mu 1946 sitima ya Vipya idamira pafupi ndi Chitimba nyanja itakalipa, ndipo anthu 145 adafa. Ngati sitima yachitsulo idagonja, kabwato kapulasitiki n'chiyani?

Msodzi amene wakulira pamenepo amayang'ana mitambo ndi mmene madzi akunyezimira n'kudziwa ngati lero n'kolowa kapena ayi. Amadziwanso pamathiriro a mitsinje pomwe pamabisala ng'ona ndi mvuu, ndi m'mabango momwe muli nkhono za likodzo. Foni ya mlendo, ngakhale ikhale yodula chotani, singamuuze kuti dzulo padaoneka ng'ona pathanthwe lakuti. Kulemba mnyamata wapamudzi kuti atsogolere ulendo si chifundo ayi, ndi kugula chitetezo. Ndipo aliyense, makamaka ana, avale jekete yoyandamitsa ija, ngakhale bambo akhale katswiri wosambira mumtsinje wakwawo.

Pali dandaulo linanso lomwe limamveka m'misika ya m'mbali mwa nyanja. Galimotozi zimabwera ndi firiji yodzaza nyama, buledi ndi zakumwa zogulidwa kutali, moti mayi wogulitsa tomato pa Monkey Bay amangoona fumbi. Zotsala pamudzi ndi mabotolo ndi majumbo. Chonsecho chambo, kampango, mpunga wa kilombero, nthochi ndi chinangwa zili pompo, pamtengo woti mlendo sangadandaule.

Eni malo ogona alendo ndiwo angathandize msanga. Mlendo akamalembetsa dzina pageti, amuuze pomwe galimoto ikuyenera kuthera, amuonetse wotsogolera pamadzi, ndi kumulozera njira ya kumsika.