Wakwana zaka 18, akadwala alowera kuti?

Anzanga a kunyanja, tamvani. Mwana wamasiye akakwana zaka 18 malamulo amati ndi wamkulu, kumalo osungirako ana amamutsanzika basi. Ena amathera pa chilimira ngati alovi. Likodzo kapena malungo zikamugwira, za MASM aiwale, imeneyo ndi ya anthu a malipiro a pamwezi.

Inde, chipatala cha boma ndi chaulere. Koma kabaza wa ku Monkey Bay si waulere, ndipo mankhwala akasowa umakagula wekha. Ife timathamangira kwa amalume. Nanga iye?

Ine ndikuti BVC ya kuno ku Chembe izipatula kandalama pa ndowa iliyonse ya usipa, likhale thumba lawo la matenda. Tumizirani ena, tikakambirane kugombe.