Wachibale wa namgumi ali ku Liwonde

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandionetsa kavidiyo ka msuweni wake amene amagwira ntchito ku Cape Town. Anapita ku Hermanus kukaona anamgumi, omwe amafika pafupi ndi gombe kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala. Kenako anati, "Sir, ife a ku Ndirande zoterezi n'zongoonera pa foni basi."

Ndinakana. Ndipo popeza mukukangana za komwe ulendo wa kalasi upite, ine voti yanga ndi Liwonde National Park, makilomita pafupifupi 120 kuchokera mu Blantyre kudzera ku Zomba.

Pa nyama zonse zamoyo lero, wachibale wapafupi kwambiri wa namgumi ndi mvuu. Kholo lawo linali limodzi zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo, ndipo mu Shire mvuu zilimo mbwee.

Mukakwera boti, muyang'anitsitse. Mvuu sisambira ngati mmene mumaganiziramu. Mafupa ake ndi olemera, ndiye imamira, n'kumayenda pansi pa mtsinje uku ikudzikankha ndi miyendo. Chinyama choposa makilogalamu 1,000 chimadumpha ngati kamwana chifukwa madzi amachikankhira m'mwamba. Ndi upthrust yomwe ija ya Archimedes imene mumaloweza mukuyasamula pa piriyodi ya masana. Pakatha mphindi ngati zisanu, mphuno zija zimatulukanso kudzapuma.

Ndiye pali phokoso. Mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, koma m'madzi limafika 1,500. M'madzimo anamgumi amaitanizana ali kutalikutali. Mvuu nayo ikalira mutu uli theka m'madzi, mawu ake amadutsa mumpweya ndi m'madzi momwe, ndipo inzake yomwe yamira imamva kudzera m'madzimo.

Ndikudziwa, ambiri mukufuna ku Mangochi, kukasambira ndi kuvina. Sindikukunenani, nanenso nyanja ndimaikonda. Mvuu si namguminso, zoona. Siidzakutulukirani m'madzi thupi lonse ngati muvidiyo muja. Koma ndalama imene makolo anu akuvutika nayo kusonkhayi ikagule chinthu chimene simungachipeze pa disko ya pasukulu.

Pempho langa ndi limodzi: sipika ija itsale m'basi. Injini ya boti ikazima, tonse tidzakhale chete kwa mphindi zisanu, wina agwire wotchi, tiwerenge kuti mvuu imodzi ikhala nthawi yaitali bwanji isanatulutse mphuno.